Ironbridge ndi Mtsinje wa Severn: Mafunso ndi Mayankho pa Mbiri ya Tauni ya Zitsulo

Ironbridge ndi tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Shropshire ku England. Dzina lake linachokera pa mlatho wachitsulo umene unamangidwa pamtsinje wa Severn m'chaka cha 1779. Anthu akamatchula dzinali nthawi zambiri amaphatikizamo midzi yonse ya m'chigwacho: Coalbrookdale, Jackfield, Coalport, Madeley ndi Broseley. Umu ndi mmene tikuligwiritsiranso ntchito m'mayankho otsatirawa.

Kodi malowa ali pati kwenikweni?

Ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchoka mumzinda wa Birmingham, chakumadzulo, ndipo masiku ano ali m'dera la tauni ya Telford. Severn ndi mtsinje wautali kuposa yonse ku Britain, wa makilomita pafupifupi 354. Umachokera kumapiri a ku Wales, n'kudutsa Shrewsbury, Ironbridge, Worcester ndi Gloucester usanakathire m'nyanja pafupi ndi Bristol.

N'chifukwa chiyani mafakitale anachulukana m'chigwa chopanikizika chotere?

Yankho lili m'nthaka. Kumapeto kwa nyengo imene dziko la Britain linakutidwa ndi madzi oundana, madzi osungunuka anadzaza n'kupanga nyanja yaikulu, kenako anaboola phiri n'kukumba chigwa chakuya chimene Severn amadutsamo lero. Pokumbapo anavundukula zinthu zinayi zimene kwina zimakhala pansi kwambiri: malasha, miyala ya chitsulo, miyala ya laimu ndi dongo. Munthu ankatha kuboola phiri cham'mbali n'kupeza malasha osakumba chitsime chakuya, ndipo madzi a mumgodi ankadzitsikira okha kumtsinje.

Chachiwiri ndi timitsinje ting'onoting'ono totsetsereka kuchoka pamwamba. Ku Coalbrookdale anatseka kamtsinje kamodzi ndi madamu otsatizana, madzi ake n'kumazunguza magudumu opopera mivukuto. Chachitatu ndi Severn mwini wake. Misewu ya nthawi imeneyo inali matope okhaokha nyengo ya mvula, moti katundu wolemera ngati chitsulo ankayenda bwino pamadzi basi. Kale m'zaka za m'ma 1600, malasha a m'chigwachi ankatsika ndi ngalawa kukagulitsidwa ku Worcester ndi Gloucester. Choncho a Darby, banja la osungunula chitsulo limene mbiri yake imatchuka kwambiri, sanafike pathengo. Anapeza migodi, ngalawa ndi amisiri zilipo kale.

Kodi Abraham Darby anachita chiyani mu 1709?

Anasungunula miyala ya chitsulo pogwiritsa ntchito coke (malasha owotchedwa kale) m'malo mwa makala a mitengo, ndipo bizinesi yake inapitirira osagwa. Mawu omalizawa ndi ofunika, chifukwa ena anayesapo iye asanabadwe. Dud Dudley ankanena kuti anachita zimenezi m'zaka za m'ma 1600, koma palibe ntchito yokhalitsa imene inatsalapo.

Darby anabadwa mu 1678, anali wa mpingo wa Quaker, ndipo anayamba ntchito ya zitsulo ku Bristol. Mu 1707 anapatsidwa chilolezo cha boma choteteza njira yake youmbira miphika yachitsulo mumchenga. Chaka chotsatira anachita lendi ng'anjo yakale ku Coalbrookdale, n'kuikonza, ndipo mu Januwale 1709 inayamba kutulutsa chitsulo. Cholinga chake sichinali kusintha dziko. Ankafuna miphika yamiyendo itatu, yopyapyala, yotsika mtengo, yoti anthu wamba azitha kugula. Anamwalira mu 1717 ali ndi zaka 39 zokha.

Kodi coke n'chiyani, nanga bwanji sankangoponya malasha m'ng'anjo?

Malasha ongochokera kumgodi amakhala ndi sulufule, phula ndi utsi wambiri. Sulufule akalowa m'chitsulo, chitsulocho chimathetheka pochisula chili chofiira. Komanso malasha ambiri akatentha amafewa n'kumatana, mpweya n'kulephera kudutsa, ng'anjo n'kutsamwa.

Coke amapangidwa mofanana ndi makala. Ankaunjika malasha pabwalo, kuwakwirira ndi phulusa lonyowa kapena fumbi la malasha, n'kuwayatsa kuti anyeke pang'onopang'ono kwa masiku angapo mpweya uli wochepa. Phula ndi utsi zimachoka, gawo lina la sulufule limapita nazo, ndipo chotsala ndi chinthu cholimba, chopepuka, chokhala ndi timabowo. Mwayi wa Darby unali woti malasha ena a ku Shropshire anali ndi sulufule wochepa mwachilengedwe. Akanayesera dera lina mwina akanalephera ngati anzake.

Ubwino waukulu wa coke unaoneka pambuyo pake. Makala a mitengo ndi ofewa, amaphwanyika akasenza katundu wolemera, choncho ng'anjo ya makala singatalike kwambiri. Coke amapirira kulemera, ndiye ng'anjo zinatha kukula. Ndipo mwini ng'anjo sanafunikenso kudikira kuti nkhalango iphukire.

Kodi ng'anjo yotere inkagwira ntchito bwanji?

Inali nsanja ya njerwa ndi miyala, yomangidwa motsamira chitunda kuti anthu azifika pakamwa pake ndi mawilibala. Kuchokera pamwamba ankathira zinthu zitatu mosinthanasinthana: coke, miyala ya chitsulo yowotchedwa kale kuti ichoke chinyezi, ndi miyala ya laimu. Pansi panali kabowo kolowetsera mpweya wochokera m'mivukuto iwiri ikuluikulu yachikopa, yopopedwa ndi gudumu la madzi. Pafupi ndi kabowoko kutentha kunkafika madigiri pafupifupi 1,500.

Ntchito ya laimu ndi kugwira dothi ndi mchenga za m'miyalayo n'kuzisandutsa litsiro losungunuka lotchedwa slag. Litsiroli ndi lopepuka, limayandama pamwamba pa chitsulo, ndipo ankalitulutsa pabowo lakelake. Chitsulo ankachitsegulira kawiri pa tsiku, n'kuchiyendetsa m'timigula ta mumchenga kapena kuchitunga ndi zikho zazitali kukathira m'zikombole.

Zovuta zinali zodziwika. Laimu akachepa, slag amalimba ngati phala lozizira n'kutseka ng'anjo. Mpweya ukafooka, chitsulo chimaundana mkati, ndipo kuchotsa chimtanda chimenecho kumafuna kugumula khoma. Chitsulo chamadzi chikakhudza malo onyowa chimaphulika. Ngakhale mchenga wa chikombole unali ndi muyezo wake: ukanyowa kwambiri, nthunzi imasiya timabowo mumphika; ukauma kwambiri, chikombole chimagumuka chitsulo chisanaume.

Vuto lalikulu koposa linali madzi. M'miyezi yopanda mvula madamu ankaphwa ndipo ng'anjo inkazima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1740, Abraham Darby wachiwiri anaika injini ya nthunzi ya mtundu wa Newcomen yoti izipopa madzi odutsa kale pagudumu kubwerera kudamu lakumtunda. Madzi omwewo ankazungulira. Iye yemweyo ndi amene m'zaka za m'ma 1750, ku ng'anjo zatsopano za Horsehay ndi Ketley, anayamba kutulutsa chitsulo cha coke chimene osula anachivomereza. Apa m'pamene njirayi inafalikira dziko lonse, patadutsa zaka zoposa 40 kuchokera mu 1709.

Ndani anamanga mlatho wachitsulo, ndipo unadya ndalama zingati?

Pulani inachokera kwa Thomas Farnolls Pritchard, katswiri wojambula nyumba wa ku Shrewsbury, amene anapereka ganizoli mu 1773. Nyumba ya malamulo inavomereza mu 1776. Pritchard anamwalira mu Disembala 1777 ntchito itangoyamba, ndipo zonse zinagwera Abraham Darby wachitatu, mdzukulu wa woyamba uja, yemwe anali asanakwanitse zaka 30. Nthiti zoyamba zinaimikidwa mu Julayi 1779, ndipo mlatho unatsegulidwa pa 1 Januwale 1781, atamaliza misewu yofikirapo.

Ankayembekezera kuwononga mapaundi 3,000 ndi pang'ono, koma ntchito inadya pafupifupi mapaundi 6,000. Darby anali atalonjeza kulipira yekha ndalama zopitirira, ndipo anakhala ndi ngongole mpaka imfa yake mu 1789.

Chifukwa chosankhira chitsulo chinali chapawiri. Ngalawa zambiri zinkadutsa pamenepo, choncho pankafunika uta umodzi wautali wopanda nsanamira pakati pa mtsinje. Koma unalinso chionetsero cha malonda. Kampani inalipira ojambula zithunzi kuti mlathowo udziwike kutali, ndipo hotela ya Tontine, imene ili moyang'anizana nawo, inamangidwa mu 1784 kuti alendo obwera kudzaona azipeza pogona. Tauni inamera mozungulira mlatho, osati mlatho kutsatira tauni.

Kodi mlathowo unalumikizidwa bwanji popeza kuwotcherera kunalibe?

Apa m'pamene munthu ayenera kutsika pansi pa mlatho n'kuyang'ana m'mwamba. Uta wake ndi wotambalala mamita 30.6, uli ndi nthiti zazikulu zisanu, ndipo nthiti iliyonse inaumbidwa m'zigawo ziwiri zokumana pamwamba. Chigawo chimodzi ndi chotalika mamita pafupifupi 21 ndipo chimalemera matani oposa 5. Zidutswa zonse zilipo pafupifupi 1,700, ndipo chitsulo chonse ndi matani 378.

Panalibe amene anamangapo chinthu chotere ndi chitsulo, ndiye amisiri anatengera nzeru za akalipentala. Chidutswa china chili ndi bowo, chinzake chili ndi lilime lolowa m'bowomo, n'kukhomera zikhomo zachitsulo kuti zithine. Pena pali malumikizidwe otambalala kunsonga, onga aja a m'makona a bokosi lamatabwa. Mabawuti aliponso, mwachitsanzo pamene zigawo za nthiti zimakumana pamwamba. Kafukufuku wa masiku ano anapeza kuti zidutswa zooneka zofanana zimasiyana ndi masentimita angapo. Zikuonetsa kuti zambiri zinkaumbidwa chimodzichimodzi, atayeza mpata umene watsala.

Mmene anaimikira nthitizo zinadziwika bwino mu 1997, pamene ku Stockholm kunapezeka chithunzi chojambulidwa ndi Elias Martin chosonyeza ntchito ili mkati. Chikuonetsa mitengo iwiri italiitali yoimikidwa mumtsinje, yokhala ndi mtanda pamwamba, yokwezera zitsulo kuchokera m'ngalawa. Mu 2001 asilikali a Royal Engineers anamanga mlatho wa theka la msinkhu wake potsatira chithunzicho, ndipo njirayo inatheka.

Amati mlathowo unalimba mopitirira muyezo. N'zoona?

N'zoona. Chitsulo choumba chimakhala ndi kaboni wambiri, pakati pa magawo 2 ndi 4 pa 100 alionse. Chimapirira kwambiri chikamapanikizidwa koma chimathyoka mwadzidzidzi chikamakokedwa kapena kupindidwa. Uta ndi woyenera chitsulo chotere chifukwa katundu amaupanikiza. Koma popeza panalibe masamu odalirika, Darby anangowonjezera chitsulo.

Mu Febuluwale 1795 Severn anasefukira koopsa n'kuwononga milatho yambiri yamiyala. Wachitsulowu unapulumuka, chifukwa madzi ankangodutsa m'mipata ya nthiti zake. Mlatho wa ku Buildwas, kumtunda pang'ono, unawonongeka, ndipo injiniya Thomas Telford anamangapo wachitsulo mu 1796, wotambalala kuposa wa Darby koma wolemera osafika theka lake. Chigumula chimenecho ndi chimene chinatsimikizira anthu okayika kuti chitsulo n'chodalirika.

Ngati unalimba chotero, ming'alu imene ilipo inachokera kuti?

Inachokera m'magombe. Mbali zonse ziwiri za chigwachi zimatsetserekera kumtsinje pang'onopang'ono. Nthaka yake ndi miyalo ya dongo ndi miyala yosanjikizana, mtsinje umadya kunsi kwake, migodi inasiya mphako mkati, ndipo pamwamba anaunjikapo zinyalala za m'ng'anjo kwa zaka mazana. Mvula ikalowa, dongo limaterera.

Mlatho wamiyala ndi wolemera, umakankha magombe kuti asayandikane. Wachitsulowu ndi wopepuka poyerekeza, ndiye magombe ndi amene amaufinya, msana wake n'kumakwera m'mwamba, tizitsulo tolumikiza nthiti n'kumathetheka. Chitsulo chake chilinso ndi phosphorus wambiri, amene amachititsa kuti chisachedwe kusweka. Ming'alu inaoneka pachipupa chamiyala cha kummwera m'zaka zoyambirira zomwe. Mu 1802 chipupacho anachigumula n'kuikapo mauta awiri amatabwa kuti achepetse kulemera, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1820 anawasintha ndi achitsulo amene alipo lero.

Magalimoto analetsedwa kudutsapo mu 1934. Ntchito imene inaupulumutsadi inachitika pakati pa 1972 ndi 1975. Anachotsa dothi lodzaza m'chipupa cha kumpoto n'kuchilimbitsa mkati ndi konkire, kenako anatchinga madzi mbali imodzi ya mtsinje, kenako inayo, n'kuyala chimtanda chakonkire pansi pa madzi kuchoka gombe lina kufika linzake. Chimtandacho sichioneka, koma ndi chimene chikuletsa zipupa ziwirizo kuyandikana.

Mu 2017 ndi 2018 bungwe la English Heritage linakonzanso mlathowu ndi mapaundi 3.6 miliyoni. Chitsulo choumba chakale sachiwotcherera mwachisawawa, chifukwa kutentha kwa malo amodzi kumabala mng'alu wina pambali. M'malo mwake amamanga chothyokacho ndi zitsulo zatsopano zochigwira, kusintha zikhomo zodyeka ndi dzimbiri, n'kutseka molowera madzi. Pa ntchito yomweyo anausintha mtundu kuchoka wotuwa kupita wofiirira, atapeza zotsalira za penti yoyambirira zogwirizana ndi chithunzi chimene William Williams anajambula mu 1780.

Kodi anthu ankalipira powoloka?

Inde, mpaka 1950. Woyenda pansi ankalipira theka la peni, ndipo ngolo, akavalo ndi ziweto zinali ndi mitengo yake. Chikwangwani cha mitengoyo chikadalipo pakanyumba kolipirira kutsidya la kummwera, ndipo chimanena kuti asilikali ngakhalenso a banja lachifumu ayenera kulipira. Anthu osauka ambiri ankazemba msonkhowo powoloka ndi timabwato tozungulira totchedwa coracle, topangidwa ndi timitengo topyapyala tokutidwa ndi nsalu yopaka phula, toti munthu mmodzi amatha kusenza kumsana. Banja la a Rogers linkapanga timabwatoti kwa mibadwo ingapo. Lero kuwoloka pansi n'kwaulere.

Nanga katundu ankayenda bwanji pamtsinje?

Ankayenda m'ngalawa zapansi pophwatalala, zazikulu zake zotchedwa trow, zokhala ndi mlongoti wotha kugonekedwa podutsa pansi pa milatho. Kutsika kunali kosavuta madzi akakhala okwanira. Kukwera ndiye kunali thukuta: magulu a amuna ankakoka ngalawa ndi zingwe akuyenda m'mphepete, mpaka cha m'ma 1800 pamene anakonza njira ya akavalo. Mtsinjewu sunali wokhulupirika. Madzi akachepa, ngalawa zinkakhala milungu yambiri padoko katundu ataunjikana.

Migodi yambiri inali pamwamba pa chitunda, kutali ndi mtsinje. Poyamba ankatsitsa malasha pa njanji zamatabwa. Coalbrookdale inayamba kuumba magudumu achitsulo a ngolo zake mu 1729, ndipo mu 1767 Richard Reynolds, amene ankayang'anira kampaniyo, anayamba kuyala njanji zachitsulo. Kenako kunabwera ngalande ya ngalawa, ndipo funso linali lakuti ngalawa itsika bwanji mamita 63 kuchoka ku Blists Hill kufika ku Coalport. Zipata zokwezera ndi kutsitsira ngalawa zikanafunika pafupifupi 27, ndipo madzi oti azidzaza zipatazo kunalibe.

Yankho linali Hay Inclined Plane, yomalizidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1790. Ndi njanji ziwiri zoyandikana zotsika phiri. Ngalawa yonga bokosi, yonyamula matani 5, inkalowa pachikuku chamagudumu chili m'madzi. Injini ya nthunzi inkakoka chikukucho kudutsa kamtunda kotchinga madzi pamwamba, kenako kulemera kwa ngalawa yodzaza kunkakoka yopanda kanthu kukwera panjanji inayo, munthu wa mabuleki akuwongolera liwiro. Ulendo unkatenga mphindi zochepa. Chingwe chikaduka, ngalawa inkathamanga mpaka pansi popanda choiletsa. Inagwira ntchito mpaka 1894. Malonda a pamtsinje anali atafooka kale kuyambira pamene njanji ya Severn Valley inatsegulidwa mu 1862.

Kupatula chitsulo, kunkapangidwanso chiyani?

Dongo linadyetsa anthu ambiri mwina kuposa mmene mabuku amanenera. Ku Coalport, John Rose anayambitsa fakitale ya mbale ndi makapu apamwamba cha m'ma 1795, ndipo inakhalapo mpaka 1926 pamene inasamukira ku Staffordshire. Ku Jackfield kunali mafakitale awiri akuluakulu a matailosi okongoletsa, Craven Dunnill ndi Maw & Co, amene katundu wawo anafika m'matchalitchi, m'zipatala ndi m'masiteshoni a sitima m'mayiko ambiri. Broseley inatchuka ndi makaliwo adongo osutira fodya, komanso njerwa ndi matailosi a denga.

Palinso Tar Tunnel. Mu 1787 anthu a William Reynolds, mwana wa Richard uja, akuboola phiri ku Coalport anakumana ndi phula lachilengedwe likuchucha m'makoma. Analitunga n'kumaligulitsa lomatira ngalawa ndi kupaka zingwe. Chaka chomwecho John Wilkinson, mwini ng'anjo wina, anayandamitsa pa Severn ngalawa yachitsulo yotchedwa Trial, anthu ambiri akuyembekezera kuti imira.

Kodi moyo wa antchito unali wotani?

Wovuta, ndipo alendo amene amaona chigwa chobiriwira cha lero savutika kuiwala zimenezi. Chithunzi cha Philip James de Loutherbourg cha mu 1801, chosonyeza ng'anjo za Bedlam usiku, chikuonetsa thambo lofiira ndi moto ndi utsi pamwamba pa nyumba za anthu. Ng'anjo sinkazima, ndiye anthu ankasinthana maola 12. Ana ankalowa m'migodi, ndipo amayi ndi atsikana ankatola miyala ya chitsulo pamilu ya dothi kunja kwa mgodi.

Ngozi zina zimakumbukiridwabe. Mu Okutobala 1799 bwato lowolotsa antchito a ku Coalport linagubuduzika usiku, anthu 28 n'kumira. Mu Seputembala 1864 anthu 9 anafa pamgodi wina ku Madeley pamene unyolo wowakweza unamasuka. Ena mwa iwo anali anyamata, wamng'ono kwambiri wa zaka 12. Manda awo ali patchalitchi cha St Michael. Mu Febuluwale 1821 ogwira ntchito m'migodi anaukira kudulidwa kwa malipiro pafupi ndi Dawley, asilikali anawombera, anthu anafa, ndipo Thomas Palin ananyongedwa pambuyo pake. Chochitikachi chimatchedwa Cinderloo.

Mabanja a Darby ndi Reynolds anamangira antchito nyumba, monga mzere wa Carpenters Row, anatsegula masukulu, ndipo Richard Reynolds anakonza tinjira ta m'nkhalango toti mabanja aziyendamo Lamlungu. Zimenezi n'zoona, koma si nkhani yonse. Ngakhale a Quaker amakana nkhondo, Coalbrookdale inaumba mizinga m'zaka za m'ma 1740. Ndalama zambiri zoyendetsera kampani zinachokera kwa banja la Goldney la ku Bristol, mzinda umene chuma chake panthawiyo chinali chomangirirana ndi malonda a akapolo.

Kodi n'zoona kuti chitukuko cha mafakitale padziko lonse chinabadwira kuno?

Mawuwa amakoma pa zikwangwani zokopa alendo, koma ndi okokomeza. Injini ya Newcomen inayamba kugwira ntchito pafupi ndi Dudley mu 1712. Fakitale ya thonje ya Richard Arkwright inatsegulidwa ku Cromford mu 1771. Ku China ankasungunula chitsulo ndi coke zaka mazana angapo Darby asanabadwe. Chimene Ironbridge inganene mosanama n'chakuti kwa zaka pafupifupi 100 zinthu zambiri zatsopano za chitsulo zinayesedwa m'chigwa chimodzi: coke, masilinda achitsulo a injini za nthunzi kuyambira m'zaka za m'ma 1720, njanji, mlatho, ngalawa. Zimenezo n'zokwanira popanda kuwonjezera.

Chinagwetsa mafakitalewa n'chiyani?

Sanagwe tsiku limodzi. Malasha ndi miyala ya chitsulo zosavuta kufikira zinatha. Madera ngati South Wales ndi Black Country anali ndi malo otakasuka ndi migodi ikuluikulu, pamene chigwa chino chinalibe pokulira. Njira ya Bessemer ya mu 1856 yopangira chitsulo cholimba inkafuna miyala yopanda phosphorus, imene kuno kunalibe. Ng'anjo yakale ya Darby inazima mu 1818, ndipo kampani inatembenukira ku zoumba zokongoletsa: mipando ya m'munda, zitofu, akasupe, ndi zipata zimene inaonetsa pa chionetsero chachikulu cha ku London mu 1851, zomwe zili ku Kensington Gardens mpaka lero. Ng'anjo za Blists Hill zinazima mu 1912. Pofika zaka za m'ma 1950, nyumba zambiri za ku Ironbridge zinali mabwinja.

Nanga zinatheka bwanji kuti zinthu zakale zambiri chotere zisungike?

Kwakukulu ndi umphawi umene unazisunga. Kumene mafakitale anapitirira kukula, zakale zinagumulidwa kuti papezeke malo. Kuno panalibe wofuna malowo, ndiye ng'anjo zinangokwiririka ndi zinyalala ndi tchire. Ng'anjo ya Darby inafukulidwa mu 1959, pokumbukira zaka 250, ndipo pamitanda yake yachitsulo pakuonekabe dzina la Abraham Darby ndi chaka cha 1777, pamene anaikulitsa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 anaimangira denga loiteteza ku mvula ndi chisanu.

Boma litaganiza zomanga tauni yatsopano pamalo a migodi yakale, imene mu 1968 inatchedwa Telford, kunapezeka ndalama ndi chidwi. Bungwe la Ironbridge Gorge Museum Trust linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo mu 1973 linatsegula malo oonetsera zakale ku Blists Hill. Mu 1986 UNESCO inaika chigwachi pamndandanda wa malo a chikhalidwe ofunika padziko lonse, m'gulu loyamba la malo a ku Britain.

Mlendo adziwe kusiyana kwa zinthu ziwiri. Ng'anjo za Blists Hill, ngalande ndi Hay Inclined Plane zili pamalo ake enieni. Koma masitolo ndi nyumba zambiri za m'tauni ya nthawi ya Mfumukazi Victoria imene ili pamenepo zinachita kusamutsidwa kuchokera kwina kapena kumangidwa motengera zakale. N'zophunzitsa, koma pamalopo panalibe tauni yotero.

Kodi mtsinje ndi nthaka zikuvutitsabe?

Kwambiri. Mu 1952 nthaka inagumuka ku Jackfield n'kuwononga nyumba zoposa 20, ndipo pakati pa 2014 ndi 2016 panachitika ntchito yaikulu yokhomera nsanamira zakonkire m'phiri lomwelo, kudzaza migodi yakale ndi kukumba ngalande zochotsa madzi. Kumeneko njira yochepetsera vuto ndi yomweyo nthawi zonse: chotsani madzi m'dongo, tetezani gombe kuti mtsinje usadye kunsi, musawonjezere katundu pamwamba.

Madzi osefukira amabwera kawirikawiri m'miyezi yozizira, mvula ikagwa yambiri ku Wales. Msewu wa Wharfage, umene kale unali doko, umatetezedwa ndi zotchinga zoimika madzi akamakwera n'kuzichotsa akaphwa. Mu Febuluwale 2020 madzi anakankha zotchingazo mpaka kuzisuntha, ndipo anthu anasamutsidwa m'nyumba zawo. Nyumba yakale yosungiramo katundu ya m'mphepete mwa mtsinje, yomangidwa m'zaka za m'ma 1830, ili ndi zizindikiro pakhoma zosonyeza pamene madzi anafika zaka zosiyanasiyana.

Kodi pali chimene chikupangidwabe m'chigwachi?

Chitsulo ayi. Fakitale yomaliza youmba zitsulo ku Coalbrookdale, imene inkapanga zigawo za zitofu za Aga ndi Rayburn, inatsekedwa mu Novembala 2017, patatha zaka 308 kuchokera pamene Darby anayatsa ng'anjo yake. Malo opangira magetsi a ku Buildwas anasiya kugwira ntchito mu 2015, ndipo nsanja zake zinayi zoziziritsira madzi, zimene konkire yake anaisakaniza ndi utoto wofiirira kuti ifanane ndi dothi la kumeneko, zinagwetsedwa ndi mabomba pa 6 Disembala 2019.

Dongo ndiye silinatheretu. Craven Dunnill inabwerera m'fakitale yake yakale ku Jackfield, kumene imapanga matailosi okonzera nyumba zakale, kuphatikizapo a pansi pa nyumba ya malamulo ku Westminster. Ndipo m'nyumba ina imene kale inali ya kampani ya Coalbrookdale, pafupi ndi mtsinje, kampani ya Merrythought yakhala ikusoka zidole za ana kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930.